Mwana Amayamba Kuwerenga ndi Zala Zake

Loweruka lina m'nyengo ya Lenti ndinakhala pansi pa mtengo wa mango ndi ana okonzekera kulandira Ukaristia koyamba, pa tchalitchi china chaching'ono cha kumudzi m'dera lathu lino la Kasisi. Ndinawagawira timabuku ta mapemphero ndi kuwapempha kuti tiwerengere pamodzi pemphero la kulapa. Mawu anatuluka bwino lomwe, onse pamodzi ngati kwaya, kotero kuti munthu wodutsa pamsewu akadati ana a kuno ngophunzira zedi. Koma diso langa linagwera pa mtsikana wina amene chala chake chinali kuyenda pa tsamba losiyana ndi limene tinali kuwerenga. Pakamwa pake panali kutuluka pemphero la kulapa, pamene chala chinali pa Malamulo Khumi a Mulungu. Titamaliza ndinamuitanira pambali kuti ndisamuchititse manyazi pamaso pa anzake, ndipo ndinalemba pa dothi ndi kamtengo liwu limodzi lokha lakuti phala. Anayang'ana liwulo, nandiyang'ana ine, naweramitsa mutu. Mwanayu anali mu Giredi 4.

Okondedwa awerengi, mwanayu si mbuli ayi. Ndimamuona madzulo akuthandiza amayi ake kugulitsa tomato m'mbali mwa msewu, ndipo sindinamvepo kuti wasokoneza chenje. Nthano akaimva kamodzi amaibwereza yonse ndi nyimbo yake yomwe. Chimene chinandiwawa mumtima tsiku lija n'chakuti manyazi amene iye anachita anali oyenera ine, chifukwa kwa zaka zambiri ndakhala ndikukhutira ndi kwaya ya ana oloweza, osafunsa kuti mwa onsewo ndi angati amene angathe kutsegula Buku Loyera paokha. Nditayesa enawo mmodzimmodzi m'masabata otsatira, ndinapeza kuti mtsikanayu sanali yekha.

N'chapafupi kuloza chala aphunzitsi, ndipo makolo ambiri amatero. Ine sinditero. Boma litachotsa malipiro a sukulu mu January 2022, ana amene ankangokhala pakhomo anakhamukira ku sukulu, chomwe chinali chinthu chabwino ndi chothokoza nacho Mulungu. Chaka chomwecho boma linalemba ntchito aphunzitsi atsopano oposa 30,000, komabe aliyense amene analowapo m'kalasi la Giredi 1 akudziwa mmene ana amathithikanira, ena pa desiki, ena pansi, buku limodzi likuyang'anidwa ndi maso ambiri. Mphunzitsi wa kalasi lotere akaima pa bolodi n'kunena kuti ana abwereze, amabwerezadi, ndipo phokoso lawo limabisa amene sakumva kanthu. Funso langa tsono ndi ili: kodi pali chimene tingaike m'manja mwa mwana aliyense, lero lomwe, popanda kudikira galimoto yobweretsa mabuku kuchokera ku Lusaka? Ndikuti chilipo, ndipo timachiponda ndi mapazi tsiku lililonse.

SITIKUYAMBA NDIFE

Ife a ku Kasisi sitiyenera kudabwa ndi nkhani imeneyi, popeza mbiri ya malo athu ano ikutiphunzitsa kale. Bambo Jules Torrend, wansembe wa chipani cha Ayezuiti wochokera ku France, amene anatsegula mishoni ino m'chaka cha 1905, anali katswiri wa zilankhulo. Mu 1891 anali atasindikiza kale buku lalikulu loyerekeza zilankhulo za anthu a kummwera kwa Africa, ndipo mu 1921 anatulutsa buku la nthano zimene anazimva kwa anthu a dziko lino. Munthu wophunzira chotere anaona kuti n'koyenera kukhala pansi ndi kumvetsera zimene agogo amasimbira adzukulu awo pamoto. Sanaziyese zachabe.

Asisteri a chipani cha Little Servants of Mary Immaculate, amene anafika kuno kuchokera ku Poland mu 1928 ndipo akulerabe ana amasiye mpaka lero, nawonso ali ndi chiyambi chofunika kuchidziwa. Amene anayambitsa chipani chawo, Wodala Edmund Bojanowski, sanali wansembe. Anali mkhristu wamba ngati inu ndi ine. Mu 1850 anatsegula kanyumba kosungiramo ana aang'ono a alimi m'mudzi wa Podrzecze, napempha atsikana a m'mudzi momwemo kuti aziwasamala. Iye ankasonkhanitsa nyimbo, nthano ndi masewera a anthu a kumudzi kuti anawo aziphunzira nazo. Papa Yohane Paulo Wachiwiri anamutchula Wodala ku Warsaw mu 1999.

Wachitatu ndi mayi wina Mkatolika wa ku Italy, dokotala Maria Montessori. Pa 6 January 1907, tsiku la Epifania, anatsegula nyumba yake yoyamba ya ana ku San Lorenzo, dera la anthu osauka mumzinda wa Roma. Mayiyu anadula zilembo pa pepala lokhakhala lija limene akalipentala amasalazira matabwa, kuti mwana aziyendetsa zala pa chilembo uku akutchula kamvekedwe kake. Pa masamu anatunga mikanda khumikhumi pa timawaya. Ndimaseka ndekha ndikaona dzina la Montessori pa zikwangwani za masukulu odula a m'tauni, ngati kuti nzeru zake n'za ana a anthu olemera, chonsecho iye anayamba ndi ana a anthu aganyu amene ankatsala okha makolo akapita kukagwira ntchito.

Onse atatuwa anaona chinthu chimodzi: mwana wamng'ono samva ndi makutu okha. Chimene wachigwira, wachiumba, wachinyamula kapena kuchiponya, n'chimene chimakhazikika m'mutu mwake.

MMENE IFE TINAPHUNZIRIRA

Ine ndinayamba sukulu pa mishoni ina m'zaka za m'ma 1970. Nthawi imeneyo lamulo la 1966 linali kugwira ntchito, lakuti mwana aziphunzira m'Chingerezi kuyambira tsiku loyamba. Tinkaimba ziganizo za Chingerezi mokweza ndithu, tisakudziwa tanthauzo la liwu ndi limodzi lomwe, ndipo wolakwitsa ankalawa kamtengo m'manja. Ndimathokoza aphunzitsi anga, Mulungu awapatse mpumulo, chifukwa anachita zimene iwonso anaphunzitsidwa. Koma zoona zake n'zakuti ine ndinaphunzira kuwerenga kunyumba, pa phulusa la kukhitchini, pamene mlongo wanga wamkulu ankandilembera ba be bi bo bu ndi chala nsima ikuphikidwa.

Kuchokera nthawi imeneyo dziko lathu lasinthasintha maganizo pa nkhani ya chilankhulo. Ndondomeko ya maphunziro ya 1996 inavomereza kuti mwana ayambe kuwerenga m'chilankhulo chimene akuchidziwa. Mu 1998 njira yotchedwa Breakthrough to Literacy inayesedwa ku Kasama m'Chibemba, kenaka inafalikira m'dziko lonse. Kuyambira mu 2014 ana a Giredi 1 mpaka 4 ankaphunzira m'zilankhulo 7 za Zambia, ife a chigawo cha Lusaka tikugwiritsa ntchito Chinyanja, ngakhale kuti ana ambiri a kuno ku Chongwe amalankhula Chisoli pakhomo. Ndondomeko yatsopano imene inayamba mu 2025 yabwezeranso Chingerezi patsogolo. Za mkangano umenewo tidzakambirana tsiku lina. Chimene ndikudziwa n'chakuti chinsinsi cha kuwerenga mwana amachitulukira kamodzi kokha pa moyo wake, chakuti zizindikiro izi zikuimira mamvekedwe aja otuluka pakamwa, ndipo amachitulukira msanga m'mawu amene amawadziwa kale tanthauzo. Akachigwira m'Chinyanja, amapita nacho ku Chingerezi.

ZILEMBO ZA DONGO NDI ZITSEKERERO ZA MABOTOLO

Chinyanja chathu n'chokomera mphunzitsi. Chili ndi zilembo 5 zokha zimene zimamveka pazokha, a e i o u, ndipo chilichonse chimamveka chimodzimodzi paliponse pamene chalembedwa. Mu Chingerezi simuli chilungamo chotere. Tsono poyambira ndi pamenepa, ndipo bolodi loyamba ndi dothi. Tulutsani ana panja, aliyense asalaze kamalo kake ndi dzanja, ndipo alembe a wamkulu ngati mbale uku akutchula. Walakwitsa? Afufute ndi dzanja, ayambenso. Palibe pepala lawonongeka, palibe cholembera chofiira chimene chamuchititsa manyazi. Mphunzitsi akayenda pakati pawo amaona nthawi yomweyo amene wamva ndi amene sanamve, chinthu chimene kwaya ya m'kalasi imabisa. Amene amati kulemba pansi n'kwachikale akumbuke kuti Mthenga Wabwino wa Yohane Woyera, mutu 8, umasimba za Ambuye athu akulemba, ndipo analemba pa dothi ndi chala.

Chachiwiri ndi dongo. Ana athu amaumba ng'ombe ndi timiphika kudambo popanda wowauza. Auzeni aumbe zilembo. Pano ndaona zodabwitsa pa ana amene amasokoneza b ndi d, kapena p ndi b. Kwa mwana, mpando ndi mpando ngakhale utautembenuza, ndiye n'chifukwa chiyani chilembo chisinthe dzina chikangotembenuka? Funso lake n'lanzeru. Koma akaumba yekha kamtengo ndi kamimba, n'kumata kamimbako kumanja kapena kumanzere, manja ake amakumbukira zimene maso anali kuiwala.

Mwana akadziwa zilembo zingapo, musadikire kuti amalize zonse. Tolani zitsekerero za mabotolo, zapulasitiki zija, kapena dulani katoni m'tizidutswa, ndipo pa chilichonse lembani phatikizo limodzi. Yambani ndi anayi okha: ka, la, ma, ta. Mwana aike ka, la, ta motsatana, atchule pang'onopang'ono, kenaka mofulumira, mpaka amve yekha kuti wanena kalata. Achotse ka n'kuikapo ma: kalata wasanduka malata. Asunthenso: makala. Abwereke la wina kwa mnzake: matalala. Ndi tizitsekerero tinayi mwana wawerenga mawu a zinthu zimene amazidziwa, ndipo palibe liwu limene waloweza. Ndikanakonda kholo lililonse likanaona nkhope ya mwana pa mphindi imene liwu loyamba latuluka m'zala zake. Ena amaseka, ena amayang'ana uku ndi uku ngati wina wawanong'oneza.

Pa zilembo zokhala ndi h pali kamasewera kamene ana amakakonda. Mwana agwire nthenga ya nkhuku kapena kapepala kopyapyala patsogolo pa milomo, anene pala, kenaka phala. Anene kola, kenaka khola. Pa liwu lachiwiri nthenga imagwedezeka. Muuzeni kuti h ndi kamphepo kaja, ndipo sadzamuiwalanso polemba. Apa ndichenjeze makolo amene, monga ine, anazolowera mabuku osindikizidwa ku Likuni. Ku Malawi malamulo a kalembedwe a 1973 anakhazikitsa ch, pamene kuno ku Zambia kalembedwe kovomerezedwa ndi unduna wa maphunziro mu 1977 kamagwiritsa ntchito c. Mwana wanu akalemba cakudya sanalakwitse. Walemba monga mwa buku lake la kusukulu. Musamukonze, mungamusokoneze.

Njira ina imene ndinaiona kwa aphunzitsi a nthawi ya Breakthrough, ndipo ndimaigwiritsabe ntchito pa katekisimu, ndi iyi. Mwana anene chiganizo chake cha zimene waona lero, monga chakuti mbuzi yadya chimanga cha agogo. Mphunzitsi alembe pa katoni mwanayo akuona, awerengere limodzi akuloza liwu lililonse, kenaka adule chiganizocho liwu ndi liwu n'kusakaniza tizidutswato. Ntchito ya mwana ndi kubwezera mbuzi yake pamalo pake. Popeza chiganizocho n'chake, amalimbana nacho mpaka chitheke. Nthano ya kalulu imene gulu lonse lasimba ingalembedwe chimodzimodzi pa mapepala a thumba la simenti kapena la shuga, ana n'kujambulapo zithunzi, n'kusoka ndi ulusi. Limenelo ndi buku, ndipo kalasi limene lilibe laibulale lingakhale ndi mabuku otere ambiri chaka chisanathe.

MASAMU ALI KALE M'CHILANKHULO CHATHU

Ana a masiku ano amawerenga wanu, thuu, fili, ndipo ambiri amafika pa 100 akuimba. Koma muuzeni woimbayo kuti akupatseni miyala 7, muone. Kuimba manambala ndi kwina, kuwerenga zinthu ndi kwina. Mwana ayenera kugwira mwala umodzi pa nambala imodzi, ndi kudziwa kuti nambala yomaliza imene watchula ndiyo kuchuluka kwa mulu wonse.

Makolo athu ankawerenga ndi dzanja, ndipo chilankhulo chinasunga zimenezo. Ife 6 timati zisanu ndi chimodzi, 7 zisanu ndi ziwiri, 9 zisanu ndi zinayi. Taonani bwino: dzina la nambalayo ndi samu kale. Mwana amene wanena kuti zisanu ndi zitatu akuonetsa dzanja lathunthu ndi zala zitatu za dzanja lina waphatikiza 5 ndi 3 asanaone chizindikiro chophatikizira. Sindikunena kuti titaye manambala a Chingerezi, popeza ndi amene timagulira ndi kugulitsira, koma n'kutaya chuma kusiya ana osadziwa mawerengedwe a makolo awo pamene mawerengedwewo akuwaphunzitsa masamu mwaulere.

Chiyato, chimene atsikana amasewera kuseri kwa kalasi, chilowe m'phunziro. Wosewera amaponya mwala m'mwamba, natulutsa miyala m'kadzenje, nawakha. Amaponyanso, nabwezera yonse kusiya umodzi, ndipo pa ulendo wotsatira amasiya iwiriiwiri. Mphunzitsi angowonjezera funso: inalipo 12, wadya 4, m'dzenje mwatsala ingati? Anene kaye, kenaka awerenge kuti aone ngati analondola. Nsolo nayonso, ya mizere inayi ya maenje, imene madoda amaitaya nayo nthawi pansi pa mtengo, ndi sukulu ya masamu a m'mutu, pakuti katswiri amadziwiratu dzenje limene mwala wake womaliza ukagwere asanatole n'komwe.

Koma pamene ndikufuna kukhalitsa ndi pa mitolo ya timitengo, chifukwa apa ndi pamene ana ambiri amasochera osabwereranso. Mwana amaona 32, namva kuti 3 uja si 3 koma 30, ndipo palibe amene amamuonetsa chifukwa chake. Mwana aliyense athyole timitengo kapena mapesi a udzu wofolera, totalika ngati chala, awerenge khumi, amange ndi luzi kapena kamphira ka malegeni. Lamulo ndi limodzi: timitengo tikakwana khumi timamangidwa. Tsono 32 ndi mitolo itatu ndi timitengo tiwiri tapadera, ndipo 23 ndi mitolo iwiri ndi timitengo titatu. Mwana akaziika pansi moyandikana safunikanso kuuzidwa kuti yaikulu ndi iti.

Tiyeni tichotse 17 pa 32. Ife tinaphunzitsidwa kuti 2 sangachotse 7, choncho bwereka 1 kwa mnansi. Ndinakula ndikudabwa kuti 1 wobwerekayo amasanduka bwanji 10 panjira, ndiponso kuti ngongoleyo imabwezedwa liti. Kufunsa kunali kuputa kamtengo. Ndi mitolo palibe chinsinsi. Mwana ali ndi mitolo itatu ndi timitengo tiwiri, ndipo akufuna kuchotsa timitengo 7. Tapadera sitikukwana. Achite chiyani? Musamuuze msanga, dikirani. Posakhalitsa mmodzi amamasula mtolo. Tsopano pali mitolo iwiri ndi timitengo 12. Achotsa 7, patsala 5; achotsa mtolo umodzi, patsala umodzi. Yankho ndi 15, ndipo palibe chimene chabwerekedwa: mtolo wangomasulidwa. Njira imeneyi si yanga. Ndi imene imagwiritsidwa ntchito mu pulogalamu ya Catch Up, imene unduna wa maphunziro unayamba kuyesa mu 2016 m'masukulu 80 a m'maboma a Chipata, Katete, Monze ndi Pemba, potengera nzeru za bungwe la Pratham la ku India. Kumeneko ana a Giredi 3 mpaka 5 amagawidwa m'magulu molingana ndi zimene akudziwa, osati molingana ndi kalasi lawo, ndipo amakhala pansi n'kumalemba ndi choko pa simenti ndi kumanga mitolo. Ngati njirayi ikuwombola ana amene anatsalira, bwanji osayamba nayo mu Giredi 1 asanatsalire?

Ife Akatolika tili ndi mwayi wina umene sitiuona: mwana wathu amakula akuona Korona m'manja mwa amayi ake, mikanda khumi kasanu, imene ndi 50. Korona si choseweretsa, ndipo sindikuti ikhale chowerengetsera masamu. Koma mwana angathe kutunga chingwe chakechake cha njere zouma kapena timabango, khumi zakuda, khumi zoyera, mpaka 100, ndipo adzazindikira yekha kuti anachionapo kale kwinakwake.

Za kuchulukitsa pitani kumunda. Bzalani miyala pabwalo, mizere inayi, mapando 6 pa mzere uliwonse. Onse ndi 24. Tsono mwana azungulire akaime mbali inayo: akuona mizere 6 ya mapando anayi, koma munda ndi womwewo. Wadziwa kuti 4 kuchulukitsa ndi 6 n'chimodzimodzi 6 kuchulukitsa ndi 4, ndipo theka la tebulo lija timaloweza ndi misozi lachoka pamenepo. Kamsika ka m'kalasi, ka milu ya miyala m'malo mwa tomato ndi ndalama za mapepala zolembedwa K1, K2, K5 ndi K10, sikafuna kufotokoza kwambiri. Mtsikana wanga uja pa masewera amenewa ndiye anali mphunzitsi wa anzake, ndipo ndi tsiku limenelo pamene ndinamuona koyamba akukweza dzanja.

MAFUNSO A MAKOLO

Bambo wina wa mumphakati mwathu anandifunsa mosabisa kuti kodi iye amatumiza mwana kusukulu kuti akaumbe dongo, pamene dongolo lili kuseri kwa nyumba yake. Funsoli ndi loona mbali ina, ndipo sindinalinyoze. Ndaonapo kalasi limene ana anasewera ola lathunthu, nasangalala, natuluka opanda chimene aphunzira. Chogwira m'manja ndi mlatho chabe, ndipo munthu samanga nyumba pa mlatho. Phunziro lililonse liyende masitepe atatu: mwana agwire chinthu chenicheni, kenaka achijambule, pomaliza alembe zilembo kapena manambala m'buku lake. Amene wamasula mtolo alembe samuyo tsiku lomwelo. Amene wapanga malata ndi zitsekerero alembe malata ndi pensulo. Sitepe lachitatu likasowa, bambo uja akunena zoona.

Aphunzitsi nawo amati ana ngochuluka ndipo phokoso lingakwiyitse akulu a sukulu. Zoonadi phokoso limakhalapo. Chimene chandithandiza ine ndi kugawa ana m'timagulu ta 5 kapena 6, gulu lililonse ndi kathumba kake ndi mwana mmodzi wosunga katundu, ndiponso kuphunzitsa kaye malamulo a kutenga ndi kubweza zinthu tisanayambe phunziro lenileni. Sabata yoyamba imakhala ya chipwirikiti. Yachitatu ana amakhala akudziwa kale chochita.

Pali zoyenera kusamala. Ana aang'ono amaika njere m'mphuno ndi m'makutu, choncho kwa iwo sankhani zinthu zazikulu, monga zitsononkho za chimanga zodulidwa kapena miyala yosamezeka. Njere za nsatsi zisayandikire n'komwe, chifukwa ndi poizoni. Zitsekerero zachitsulo zikachita dzimbiri zimacheka. Ndipo musapemphe ana kubweretsa chimanga kapena nyemba zowerengetsera. Tonse tikukumbukira chilala cha 2024, chimene boma linachilengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse. Pali makomo amene kapu ya nyemba ndi ndiwo za tsiku limenelo, ndipo mwana wosabweretsa amachita manyazi pa mlandu umene si wake. Njere za masuku zimatayidwa mulu ndi mulu nyengo yake ikafika. Tsukani zimenezo, muyanike.

NTCHITO YA MPHAKATI

Msonkhano waukulu wachiwiri wa ku Vatican, m'chikalata chake cha maphunziro a Chikhristu cha pa 28 October 1965, unanena momveka kuti aphunzitsi oyamba a mwana ndi makolo ake. Makolo ena akamva zimenezi amadandaula kuti iwo sanapite kusukulu. Koma agogo osadziwa kulemba angathe kuuza mdzukulu kuti awerenge nkhuku zikamalowa m'khola, agawe mbatata mofanana kwa abale ake anayi, ayeze kutalika kwa khonde ndi mapazi ake kenaka ndi mapazi a atate ake, n'kufotokoza chifukwa chake mayankho asiyana. Angathenso kukhala chete n'kumvetsera mwana akuwawerengera zolembedwa pa paketi ya mchere, ndipo kumvetsera kumeneko mwana amakuona kuti n'kwamtengo wapatali.

Sukulu ya zaulimi ya Kasisi Agricultural Training Centre, imene Ayezuiti anatsegula mu 1974, yakhala ikuphunzitsa alimi kuti chonde angachipange ndi manyowa ndi zinyalala za pamunda pomwepo, m'malo modikira thumba la feteleza. Anzathu a ku Malawi, pa likulu la maphunziro la ku Domasi, anapatsa dzina nzeru yomweyi pa nkhani ya m'kalasi: amati TALULAR, kutanthauza kuphunzitsa ndi kuphunzira pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka pamalopo. Chovuta n'chakuti mphunzitsi mmodzi sangadule yekha makatoni okwanira kalasi lonse usiku, atatopa kale. Apa ndi pamene mphakati ungalowepo. Ife tinapatula Loweruka limodzi. Achinyamata anatola zitsekerero kumsika ndi kuzitsuka, abambo anadula timitengo ndi makatoni, amayi anasoka timatumba ndi nsalu zotsala, ndipo amene ali ndi dzanja labwino analemba maphatikizo. Tinayamba tafunsa aphunzitsi zimene akufuna ndi kalembedwe ka zilembo kamene amaphunzitsa, kuti tisawapangire katundu wosagwira ntchito.

Zina tinaphunzira polakwitsa. Makatoni amene tinasiya pansi chiswe chinadya m'sabata ziwiri, choncho tsopano timatumba timapachikidwa kudenga ndi waya. Zilembo zadongo zoyanika padzuwa zinasungunuka ndi chinyezi mvula itayamba. Mayi wina wachikulire woumba mbiya anatiseka, natiuza kuti tiziumbe zonenepa ngati chala chachikulu, tiziyanike pamthunzi masiku angapo, kenaka iye aziotche pamodzi ndi miphika yake. Zinatuluka zofiira ndi zolimba, kupatula k ndi t zingapo zimene zinathyoka polumikizira.

Mtsikana uja analandira Ukaristia pamodzi ndi anzake. Tsopano amawerenga phala, kalata ndi matalala, ndipo pemphero la kulapa amalipeza yekha pa tsamba lake, ngakhale kuti amayenda pang'onopang'ono ngati wowoloka mtsinje pa miyala. Akuvutikabe ndi kachizindikiro kaja ka pamwamba kamene kamasiyanitsa ng'oma yoimba ndi ngoma ya m'tchire. Loweruka likudzali ndidzapita ndi ng'oma yeniyeni ya kwaya ndi chithunzi cha nyamayo, ndipo kachizindikiroko tidzakaumba ndi dongo.